Ababa Anga, Mlimi Waulesi wa m'Kanema

Ababa anga sankamwa mowa. Ndiyambe ndi zimenezi, chifukwa kuyambira ku Lobi mpaka ku Kaphuka kuli nkhalamba zimene mpaka lero zikhoza kulumbira kuti zinawaona ndi maso ali chigonere pansi pa mtengo, chipanda chili pamimba. Zinawaonadi, sindikukana. Koma zinawaona pansalu yoyera ya kanema, ndipo m'chipandamo munali madzi a pachitsime amene ndinatunga ndine.

Kwathu ndi kumapiri, kufupi ndi Lobi, kumene munda ukaulima mwachibwana mvula imaukokolola n'kukautaya kudambo. Munda wa ababa unali pamalo otsetsereka kwambiri, koma dothi lake silinkachoka. Mizere yonse inali yopingasa, ndipo manyowa a m'khola tinkawasenza pamutu m'madengu dzuwa likuswa mtengo, ine ndi amayi, mpaka khosi kuuma. Kumtunda chimanga, m'kati mwake nyemba, kumunsi kachewere. Anthu opita kumsika ankaima pamsewu n'kumauyang'ana mundawo, ena n'kumafunsa ngati ababa ali ndi mankhwala. Mankhwala ake anali kudzuka tambala woyamba.

Moyandikana nawo unali munda wa a tcheyamani a chipani a m'dera lathu. Abale, munda umenewo! Mizere yoloza kumtsinje, nansongole wofika m'chiuno, kaufiti ali psuu, chimanga chake chachikasu ngati chadwala. Eni ake analibe nthawi ya khasu. Ntchito yawo inali kuima pachipata cha msika ndi anyamata a malaya ofiira, kufunsa anthu makhadi a chipani.

Chaka chimenecho ndinali nditasiya sukulu, ndipo ndinali pa chibwenzi ndi mnyamata wa ku Kaphuka amene tinadziwana pa kwaya ku Kasina. Ankhoswe anali atakumana kale. Chimene chinatsala chinali kuti tikakolola, mayina athu akalengezedwe m'tchalitchi. Amayi anali atayamba kale kundisungira nyemba zapadera mumtsuko.

Ndiye tsiku lina m'nyengo ya dzinja, kachewere ali pa maluwa, alangizi a zaulimi anabwera ndi galimoto ndi anthu atatu a ku tauni, atanyamula makina ojambulira. Ati boma likufuna kanema wophunzitsa ulimi wabwino, wa alimi awiri, wina wakhama, wina waulesi. Ababa anasangalala, anapita kukasamba, navala malaya awo a ku Misa. Atabwera, alangizi anayamba kukanda m'mutu.

"Pepani bambo," anatero, "munda tijambula wanu, koma woimamo akhala a tcheyamani. Mukudziwa inu, sizingaoneke bwino kuti mtsogoleri asaoneke."

"Nanga ine?" anafunsa ababa.

"Inu mutithandiza mbali inayo. Ndi sewero chabe."

Ndinawakoka ababa malaya n'kuwanong'oneza kuti akane. Iwo anangoseka. Ati pa Lachisanu Loyera kutchalitchi anthu amasewera asilikali oipa aja, kodi wina anawathamangitsapo pamudzi? Ababa anali munthu wotero, wosadziwa kukana mlendo. Komanso masiku amenewo kukana chinthu chimene chabwera pa galimoto ya boma kunkafuna munthu wa mitu iwiri.

Anawavula malaya a ku Misa aja n'kuwaveka chisanza chimene tinkaopsezera akhwangwala m'munda. Anawagoneka pansi pa mtengo m'munda wa a tcheyamani, pakati pa nansongole, n'kuwapatsa chipanda. Ine anandikhazika pambali pawo ndi lichero lopanda kanthu, ati ndigwire tsaya ngati wanjala. Pamene a tcheyamani, atavala jekete ndi nsapato za mphira zatsopano, anakaima pakati pa kachewere wathu ndi khasu la ababa. Kagwiridwe kake ka khasulo, mukanaona! Ngati munthu wagwira njoka. Kenaka anajambula akazi awo a tcheyamaniwo ataima pankhokwe yathu, akumwetulira, dzanja lili pa chimanga chimene ndinasenza ndine. Madzulo anthu aja anapakira makina awo, anadya nkhuku yathu, napita.

Tinaiwala. Tinakolola, nkhokwe ziwiri zinadzaza, kachewere tinakumba mpaka kusowa poika.

Kanemayo anabwera m'nyengo yachisanu. Galimoto inazungulira midzi masana ikulengeza pa chimkuzamawu, ndipo kutangoyamba mdima tonse tinali pabwalo la sukulu titafunda mabulangete. Nthawi zonse ankayamba ndi wa boma, kenaka n'kuika wina wa azungu okwera mahatchi, owomberana mfuti, kuti anthu asathawe msanga. Nsalu itayera, tinaona phiri lathu lomwe lija, anthu n'kukuwa. Kenaka a tcheyamani ndi khasu. Kenaka ababa.

Chimene sitinadziwe n'chakuti adzaikamo mawu. Munthu wina wa mawu okoma ngati wa pa wailesi, amene sanapondepo kwathu, ankafotokoza. "Taonani mlimi uyu. Dzuwa lakwera, iye ali pa mowa. Taonani munda wake. Taonani mwana wake, njala yamugwira." Sanati ndi sewero. Sanati awa akungoyerekeza. Anati taonani.

Pamudzi pathu anthu anaseka mpaka kugwetsa misozi, chifukwa aliyense ankadziwa munda wa yani ndi uti. Ababa nawo anaseka. Ine sindinaseke, chifukwa ndinamva woyendetsa galimoto akuuza wina kuti mawa ali ku Kasina, mkuja ku Kaphuka, n'kumapita mpaka chigawo chonse.

Muyenera kudziwa mmene tinkakambira za kanema masiku amenewo. Kanema akabwera, nkhani yake inkatha mwezi wathunthu, kuchitsime, kudimba, potuluka ku Misa. Wa azungu uja aliyense anali ndi ufulu wonenapo. Amuna ankakangana ngati anthu owomberedwa aja amafadi kapena amadzuka, ena ati mfuti yanji yosatha zipolopolo, amayi ankadandaula za mahatchi kuti akuwathamangitsa osawamwetsa madzi. Tinkadabwanso kuti bwanji mwamuna ndi mkazi akangoyandikizana nkhope, chithunzi chimadumpha n'kupezeka kuti kwacha kale. Pamenepo munthu unkatha kunena kuti kanemayu ngwachabechabe, wina n'kukutsutsa, mpaka kutukwanizana. Koma wa boma anali ndi ndemanga imodzi yokha: "Anali wabwino, taphunzirapo zambiri." Ukafuna kuwonjezera, uziwonjezera kutamanda.

Patapita sabata ndinapita kuchigayo ku Lobi. Pamzere panali amayi a midzi yakutali, ndipo nkhani inali ya kanema. Ine ndinali nditamanga duku mpaka m'maso chifukwa cha mphepo.

"Bambo uja ngofunika chikoti," anatero mayi wina wonenepa. "Munthu wamkulumkulu, ndevu pepeya, kugona m'tchire!"

"Ine chisoni chinandigwira ndi mtsikana uja," wina anayankha. "Mwaona mikono yake? Ngati bango. Ameneyo akwatiwa ndi ndani?"

"Akwatiwe? Mwana wa mlesi ndi mlesi. Iyeyo bwanji osatenga khasu, m'malo mogwira tsaya?"

"Koma chitenje cha akazi a mlimi wabwino uja ndiye ayi, chinandikongolera."

Ndinaluma mlomo mpaka kumva mchere. Mikono ngati bango! Ine amene ndinali nditasenza thumba la chimanga kuchokera kuphiri osatula! Ndinafuna kuvula dukulo n'kuwauza kuti chimanga chili m'thumbamu chachokera m'nkhokwe imene munaiona ija. Koma pakhomo pa chigayo panali mnyamata wa malaya ofiira akudya nzimbe, ndipo kunena kuti nkhokweyo ndi yathu kunali kunena kuti kanema wa boma wanama. Ndinagayitsa, ndinasenza, ndinalira njira yonse chifukwa cha mkwiyo.

Ababa nawo zinawapeza. Akapita kumsika ndi kachewere wawo panjinga, ana ankawathamangira akukuwa, "Dzuwa lakwera! Dzuwa lakwera!" Ogula ena ankafunsa kuti kachewereyu mwamutenga kuti, popeza inu simulima. Kutchalitchi cha ku Kasina, mkulu wina wa mpingo wochokera mudzi wina anawatengera pambali n'kuwalangiza za kuipa kwa mowa. Ababa anamvetsera mpaka kumapeto, nathokoza. Atafika kunyumba anakhala pakhonde nthawi yaitali osavula chipewa.

Kenaka uthenga unabwera kuchokera ku Kaphuka. Amalume a mnyamata uja, amene anali nkhoswe yaikulu, ati zolengeza m'tchalitchi ziyambe zaima. Sananene chifukwa, koma ndani sankachidziwa? Mnyamatayo anabwera yekha Lamulungu, maso ali pansi. Ati iye wayesa kufotokoza, koma amalume akuti chimene aona ndi maso awo pansalu ya boma sangachisinthe chifukwa cha mawu a mwana amene wapenga ndi chikondi. Ati sangapereke mphwawo kuti akakhale kapolo wolimira apongozi oledzera.

Ndinamufunsa kuti, "Nanga iwe pakamwa pako panali potani? Munda uja sunaupalireko wekha?"

"Ndinanena," anatero. "Koma amalume ndi amalume."

Ababa ndiwo anapeza nzeru. Anatumiza mawu aulemu ku Kaphuka kuti amalumewo abwere adzacheze, adzaone okha pakhomo. Anabweradi, Lachisanu lina, panjinga. Anali bambo wamtali, wouma thupi, wosaseka wamba, mlimi weniweni. Sanafune kukhala pamkeka. Anazungulira nkhokwe zonse ziwiri akuzigogoda ndi chala. Analowa m'khola, anatapa manyowa n'kuwafikisa m'manja. Anatsikira kudimba, anaona kabichi ndi anyezi. Anakwera kumunda, ngakhale unali wokololakolola, nayenda mzere umodzi kuchokera uku mpaka uko. Kenaka anayang'ana kutsidya kwa malire, kumene kunali mtengo uja ndi nansongole wake.

"Mtengo uwo ndauzindikira," anatero. "Uli mbali iyo."

"Uli mbali iyo," ababa anavomera.

Pobwerera amalumewo anagwira ababa dzanja, ndipo ndinaona akulitembenuza n'kuyang'ana zikhatho. Pakhonde anadya bwino, anapempha madzi kwa ine akunditchula kuti "apongozi", ndipo anauza amayi kuti Lamulungu likudzalo akaonana ndi abambo mfumu za kulengeza. Amayi anathawira kukhitchini kukalira. Ine mtima unali m'malo kwa nthawi yoyamba m'miyezi iwiri. Zikanathera pomwepo, abale. Zikanathera pomwepo!

Koma tsoka sasimba. Tsiku lomwelo galimoto ya kanema inabweranso, ati pobwerera ku tauni, ndipo anyamata a chipani anayenda khomo ndi khomo kuti aliyense akapezeke kusukulu chifukwa a tcheyamani akalandira ulemu wa uchikumbe. Kukhala kunyumba sikunkatheka. Tinapita tonse, ndi mlendo wathu yemwe.

Anaonetsanso kanema uja. Ndinatseka maso, koma makutu alibe chitseko. Atatha, m'malo moika wa mahatchi, mkulu wa galimotoyo anatenga chimkuzamawu nati anthu anenepo maganizo awo. Anaimirira bambo wina, "Anali wabwino, taphunzirapo zambiri." Anaimirira mayi wina, chimodzimodzi. Kenaka anaitana a tcheyamani, nawapatsa wilibala yatsopano ndi pepala la ulemu. Anthu anaomba m'manja.

Mpaka pamenepo ndinapirira. Wilibala atenge, nanga si ya boma. Koma tcheyamani uja atagwira chimkuzamawu anamva kukoma. Anayamba kufotokoza mmene amadzukira m'mamawa, mmene amasenzera manyowa. Kenaka anatembenuka n'kuloza ababa ndi chala.

"Anthu ngati awa," anatero, "ndi amene akubwezera dziko m'mbuyo. Ndayesa kuwaphunzitsa, mnansi wanga, koma ulesi ndi matenda. Mwana wawoyo mwamuona, amadya kwa ine."

Anthu ena anaseka, kuseka kwa mantha kuja. Ine sindikudziwa kuti ndinaimirira bwanji. Ndinangozindikira bulangete lili pansi, mawu akutuluka okha.

"Bodza! Kanemayu ngwabodza! Munda uja ngwa ababa, nkhokwe ija njathu, khasu lomwe lija n'lathu! Wanu ndi wa nansongole uja! Ndinadyapo chiyani kwa inu, inu amene akazi anu amabwera kudzapempha ufa kwa amayi?"

Bwalo lonse linati zii. Ngakhale makanda anasiya kulira. Kunkangomveka injini ya galimoto. Ndinaona anyamata a malaya ofiira atatu akuimirira, mmodzi akuvula lamba. Mkulu wa galimoto uja anafunsa pang'onopang'ono, pa chimkuzamawu, kuti, "Mtsikana, wati kanema wa boma ngwotani?" Pamenepo m'pamene ndinazindikira chimene ndachita. Tonse tinkadziwa anthu amene ananena zochepa kuposa zimenezi, galimoto n'kuwatenga, abale awo n'kumaopa ngakhale kufunsa kumene ali.

Ababa anaimirira. Anavula chipewa, anayenda mpaka kutsogolo, pamene kuwala kwa makina kunkawomba, nagwada. Munthu wa imvi, kugwada pafumbi pamaso pa munthu amene sankadziwa kugwira khasu.

"Pepani akuluakulu," anatero. "Mwanayu mutu wake suyenda bwino. Chisanu chikafika amabwebweta, amayi ake akudziwa. Kanema wa boma sanama. Munda wa nansongole uja ngwanga. Mowa ndimamwa, ulesi ndili nawo, monga mwaoneramo. Ndikuthokoza a tcheyamani pondiphunzitsa, ndipo ndisintha. Mukhululukireni wodwalayu."

Amayi anandigwira pakamwa ndi dzanja lonse n'kuyamba kundikoka, akunena mokweza kuti, "Zamuyambanso, zamuyambanso." Amayi ena a pamudzi, Mulungu awadalitse, anathamangira kudzandigwira miyendo ngati wakhunyu, wina n'kumakuwa kuti abweretse madzi. Mudzi wonse unasewera sewero lachiwiri, loposa loyamba lija. A tcheyamani anakweza dzanja mwachifumu nati amukhululukira, popeza ndi matenda. Anyamata aja anakhala pansi. Kanema wa mahatchi anayamba ife tili panjira.

Kunyumba palibe anandikalipira. Zikanakhala bwino akanandimenya. Amayi anangoti, "Nkhuyu zodya ana zimapota akulu," n'kukagona. Mawondo a buluku la ababa anali ndi fumbi, ndipo sanalisase.

M'mawa amalume aja anatulutsa njinga yawo, namangirira chikwama. Anakana phala. Ababa anawaperekeza mpaka pa nkhokwe, ine ndili pakhomo la khitchini, ndikumva zonse.

"Bambo," anatero amalumewo, "za munda ndaona ndekha, ndipo dzulo ndaona kuti ndinu munthu. Koma ndifunse chinthu chimodzi, mundiyankhe zoona, pano palibe chimkuzamawu. Mwanayu mutu wake uli bwanji?"

Ndinapemphera kuti ababa anamenso kamodzi. Akanati ndi matenda a chisanu chabe, amatha ndi mankhwala, mwina munthu uja akanaganizira. Ababa ananditembenukira, anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Mutu wake uli bwinobwino," anatero. "Pabwalo lonse lija, wamutu anali yekhayu."

Amalumewo anagwedeza mutu. "N'zimene ndimaopa," anatero. "Wodwala tikanamutenga, tikanamusamala. Koma uyu adzatimangitsa tonse, ndipo ine ndili ndi ana. Pepani."

Anakwera njinga yawo. Mnyamata uja sanabwerenso, ngakhale kudzatsanzika, ndipo chaka chotsatira ndinamva mayina ake akulengezedwa ku Kasina ndi mtsikana wina wa kwaya yomweyo, wofatsa, amene sindinamumvepo akutsutsa kanthu. Nyemba za mumtsuko zija tinadya tokha.

Anthu amati ndikhululuke, zinapita. Ndani anabwera kudzapepesa kuti ndimukhululukire? Wa mawu okoma uja sanadziwe n'komwe kuti tilipo. Kanemayo anazungulira zaka, ndipo ababa anamwalira ana a anthu akuwakuwirabe pamsika. Mpaka lero ndikamva anthu akukangana momasuka za zimene aonera, uyu ati wasewera bwino, uyu ati zabodza, palibe woimirira kuvula lamba, mtima umandiwawa ndi nsanje.

Koma m'mawa umenewo, njinga itazimiririka kuseri kwa phiri, ine ndinakhala pansi pakhomo la khitchini ndikudikira kuti ababa anene kuti ndawononga zonse, ukwati wanga ndi dzina lawo lomwe. Analowa m'nyumba, anatuluka ndi makasu awiri. Limodzi linali lija anagwira a tcheyamani. Anandipatsa limenelo.

"Dzuka, mayi," anatero. "Tiye kudimba. Dzuwa lakwera."